Poti Ndi Komweko

Lolemba, 9 Juni

Ndege yafika, ine ayi. Kachipinda ka hotela: bedi, ketulo, zenera loyang'ana khoma. Zikwama zitatu. Changa ndi chimodzi, ziwirizo ndi mitolo ya eni. Mlamu bulangete la mwana wake, amayi abusa nsapato za mdzukulu, woyandikana naye nyumba mafuta odzola a mlongo wake. Onse mawu amodzi: "Poti ndi komweko, mukangomuponyera." Ine kuvomera ngati positi ofesi.

Mwana wanga adzamuchita opaleshoni Lachisanu. Mimba yoyamba, khanda lakhala mopingasa. Ndinamulonjeza kuti polowa ndidzakhala nditamugwira dzanja.

Tikiti ndinagula yotchipa, yotsikira mumzinda uno. Pamapu, pano ndi kwawo ndi chala chimodzi. Kwathu chala chimodzi umanyamuka utamwa tiyi, nkhomaliro nkukadyera komweko.

Lachiwiri, 10 Juni

Mkamwini atamva dzina la mzinda pafoni, anafunsa ndi ulemu wa munthu wofuna kukuwa: "Amayi, bwanji simunandifunse?" Mpongozi safunsa njira kwa mkamwini. Amasochera yekha, mutu uli m'mwamba.

Ndege zam'kati mwa dziko zadzaza, ati ndi tchuthi. Imodzi yokha ili ndi mpando, mtengo wake ng'ombe ndi thole lomwe. Kwatsala basi, kenako sitima.

Ndamuimbira mwana wa mlamu uja. Amakhala kumpoto, kutali kuposa kumene ndachokera. Anaseka mpaka kutsamwa. "Azakhali, mabulangete kuno aliko." Kaya mayi ake ankaganiza kuti anthu kuno amafunda nyuzipepala.

Mwana wanga sindinamuuze bwinobwino. Ndangoti ndili m'njira. Si bodza. Ngakhale nkhono ili m'njira.

Lachitatu, 11 Juni

Sitima yandisiya ndikuiona.

Sindinachedwe. Basi inandifikitsa bwino. Ndinakhala m'kantini ya pasiteshoni, kupemerera tiyi ngati mkazi wa bwana, wotchi yapamkono ikundiuza kuti nthawi ilipo yambiri. Foni nditazimitsa, posunga batire. Osadziwa kuti dziko ili ndi lalikulu moti dzuwa silikwanitsa kulitulukira kamodzi. Ukadutsa mapiri aja nthawi imalumpha. Dziko limodzi, mbendera imodzi, mawotchi osagwirizana.

Ndinathamanga. Masitepe a mlatho, zikwama zitatu, chogwirira chimodzi kuthyoka, nsapato za mdzukulu wa abusa mbwee pansi. Bambo wina anandithandiza kutola, kwinaku mchira wa sitima ukukhota.

Ina ndi mawa. Zikwama za eni ndazisiya ku ofesi yosunga katundu, kulipira tsiku lililonse. Ndikubwereka nyumba ya mafuta odzola.

Ndalira m'chimbudzi. Choyera bwino, ndiyamikire.

Lachinayi, 12 Juni

M'sitima. Kunja minda ya tirigu, mitengo ya magetsi, tirigu, ng'ombe imodzi yooneka ngati nayonso inagula tikiti yolakwika. Netiweki kulibe. Ukagona nkudzuka, munda womwe uja.

Masana tinaima pa kasiteshoni kopanda ndi galu yemwe. Foni inadzuka ndi mkokomo. Mkamwini, mkamwini, mkamwini. Magazi a mwana wanga akuthamanga kwambiri, madokotala akana kudikira mawa. Akulowa lero.

Anamuikira foni kukhutu. Mawu ake ngati a kamwana ka sukulu ya mkaka. Ndinati ndayandikira, ndangotsala pang'ono, limba mtima. Iye: "Amayi, musaname. Ndikumva sitima." Kenako: "Ingolankhulani, chilichonse." Ndiye ndinamusimbira za ng'ombe ija. Mayi wophunzira, mwana akupita kumpeni, nkhani yake ng'ombe. Anaseka pang'ono. Sitima inanyamuka ndili pakati pa mawu, foni nkufa.

Mayi wokhala moyang'anana nane sitimvana chilankhulo. Wandisendera lalanje. Ndalandira, sindinadye.

Lachisanu, 13 Juni

Ndayenda sitima yonse foni ili m'mwamba ngati ndikudalitsa anthu. Pakhomo la chimbudzi, kumapeto kwenikweni, kamzere kamodzi ka netiweki.

Uthenga wa mkamwini, wa dzulo: "Wamkazi. Ali bwino, akulira mwamphamvu. Mayi ake anataya magazi ambiri, sanadzukebe. Fulumirani."

Fulumirani. Ndifulumire ndi chiyani, mwanawe, ndikankhe?

Palinso chithunzi, koma chikukana kutseguka. Kabwalo kakungozungulira. Pansi pake pakuoneka chinthu chofiirira, kaya ndi phazi kaya ndi dzanja la ndani.

Ndaimba, osalowa. Ndaimbanso.

Sitima yaima pakati pa tirigu. Kondakitala akuti tikudikira ya katundu idutse kaye.

Foni ikulira. Ndi mkamwini. Mulungu wanga, chala chikukana kudina