Wisiki wa mwana wanga sakudutsa pakhosi

Aphungu,

Ndine wometa tsitsi, bambo wachikulire ndithu. Mayi a kunyumba adatisiya, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, wamwamuna, amagwira ntchito kunja. Kale akaimba foni nkhani inali "Muli bwanji bambo?" ndi "BP ili bwanji?" Zikatha izi tinkangomverana mpweya mpaka wina anamizire netiweki.

Miyezi yapitayi adanditumizira botolo la wisiki wodula, uja amati singo moti. Pabotolopo pali nkhope ndi siginecha ya katswiri wina wa mafilimu a nkhonya, amene tinkamuonera limodzi pa TV ya mushopu mwanayu ali wamng'ono. Tsitsi la mkuluyo pachithunzipo ndi lakuda bii, koma ine ndine wometa, utoto ndimaudziwa.

Loweruka lina masana mwanayu adaimba pa vidiyo, naye botolo lake lili pambali. Adati, "Bambo, osathiramo zotsekemera ayi. Kadontho ka madzi basi. Yambani mwanunkhiza." Ndidanunkhiza, ndipo lidali fungo la sipiriti amene ndimapukutira makina ometera. Nditalawa, zidangokhala ngati ndanyambita tayala lopsa. Iye ali, "Mwaumva uchi wake?" Ndidaona nkhope yake ikuwala, n'kuti, "Uchi ndaumva, mwana wanga."

Tsikulo tidacheza mpaka foni kutentha. Chiyambire pamenepo amaimba Loweruka lililonse. Limenelo ndi tsiku la makasitomala ambiri, koma ndimatseka shopu masana, kusesa tsitsi, kukhala pa mpando wometera ndi tambula yanga n'kumadikira. Ndimangonyowetsa milomo. Akadula foni, wotsalayo ndimamubwezera m'botolo, kenako ndimakhala kaye pamenepo ndi munthu wa pagalasi.

Botolo loyamba silinafike ndi pakati pomwe, lachiwiri lafika kale. Tsopano akuti, "Poti mwaukonda, ndikupezerani wa utsi wambiri." Wa utsi wambiri, Aphungu.

Ndimuuze zoona? Ndikuopa kuti wisiki akachoka pakati pathu tibwerera ku BP, ndipo Loweruka lidzakhala ngati masiku ena onse.

D.K.M., kuseri kwa depoti ya mabasi

A D.K.M.,

Muuzeni, ndipo muuzeni Loweruka likubwerali, wa utsi wambiriyo asananyamuke.

Komatu musamuuze ngati mukupepesa maliro. Thirani monga mwa masiku onse, nunkhizani, kenako munene zimene mwandilembera inezi, za sipiriti ndi tayala lopsa, mawu ake omwewo. Anthu okonda wisiki wa mtundu umenewu amatha tsiku lathunthu akukangana kuti wina wamva chikopa, wina phula, wina nsapato yonyowa. Kukanganako ndiye kusangalala kwawo. Inu mwakhala mukumupatsa mwana wanu "eya" wopanda mchere, pamene muli ndi lilime lakuthwa chonchi. Ine mwandiseketsa, naye mumuseketsa.

Mwina akhumudwa pang'ono, pakuti palibe amene amakondwa kumva kuti mphatso yake imabwerera m'botolo. Musatsutse. Muuzeni chifukwa chake mosazungulira: mumaopa kuti asiya kuimba. Mawu amenewa ndi olemera pakamwa pa bambo, ndikudziwa, koma ndi okhawo amene sanawamvepo kwa inu.

Taganizaninso izi. M'sitolo imene adagulayo munali mabotolo ambirimbiri. Iye adasankha la nkhope imene munkaionera limodzi mushopu. Nayenso kumeneko ali ndi Loweruka lake lalitali, ndipo nayenso ankasowa poyambira. Mufunseni filimu imene amaikumbukira. Mufunseni amene amamumeta masiku ano, ndipo atembenuke muone kumbuyo kwa mutu ngati wometayo akumulemekeza. Muuzeni za makasitomala anu. Wometa sasowa nkhani. Mumangozisiya pansi limodzi ndi tsitsi.

Mabotolo awiriwo musawataye. Limodzi lisungeni kuti mudzatsegule iye akadzabwera. Linalo itanirani mnzanu mmodzi kapena awiri, mwa makasitomala akale aja amene amabwera kudzameta mutu wopanda tsitsi chifukwa chofuna macheza. Mwana mmodzi, ali kutali, sangasenze sabata yanu yonse yekha.

Chenjezo langa ndi ili: musayambe kugugudiza nokha kuti botolo litsike mwanayo akondwe. Mowa ndi mankhwala a BP sizimvana, ndipo mufunse adokotala musanapitirire pa kunyowetsa milomo. Akaimba Loweruka linalo, ngakhale mutagwira kapu ya tiyi, musadikire kuti iye ayambitse nkhani. Yambani ndinu.

Aphungu