Njinga Yopanda Magiya ya Achimwene

Okondedwa amayi,

Landirani moni wochokera kwa tonse kuno. Ndiyambe ndi bondo lija: kodi likukulolani kugona masiku ano? Mankhwala opaka ndinatumiza aja muzipaka ndithu, osati kuwasunga m'sutikesi ngati mphatso ya ukwati. Ndimakudziwani.

Ife tili bwino. Mdzukulu wanu chifuwa chija chinamusiya, tsopano akudya ngati akulipidwa. Kuntchito kwathu kochapa zovala abweretsa makina ena, koma kusita ndi manja omwewa, ndiye madzulo ndimafika kunyumba mikono ili lende. Mpopi wa panja ukudonthabe, ndipo eni nyumba akuti akuganizira. Chaka chatha ankaganiziranso.

Uthenga wanu ndinaumva, woti amalume abwera kumapeto kwa mwezi kudzatenga achimwene kuti azikakhala kumudzi pafupi ndi inu. Pafoni paja ndinangoti chabwino, chifukwa inu mukayamba kulira ine mawu amandithawa. Ndiye ndati ndilembe. Mundimve kaye mpaka kumapeto, kenako mundikalipire bwinobwino.

Simunalakwe kuda nkhawa. Chiwadulireni mwendo wamanzere uja m'munsi mwa bondo, pa ngozi ya makina a kuntchito ija, achimwene sanalinso munthu amene munabereka. Munthu uja ankalowa m'nyumba phokoso lili patsogolo ankangokhala pampando wa pawindo, kuyang'ana khoma la aneba. Mwendo wochita kupanga anawapatsa kuchipatala uja ankauvala ngati chilango. Madzi osamba ndinkawaikira, nsapato kuwamangira, ngakhale kapu ya tiyi kuwapatsira m'manja. Akati zikomo, mawu ake ankamveka ngati akupepesa.

Kuseri kwa msewu wathu kuli galaja ya bambo wina amene aliyense amangowati a Girisi. Dzina lenileni palibe akulidziwa, ndipo mutaona mafuta akuda a injini pa malaya awo simungafunse chifukwa chake. Amakonza ndi kugulitsa njinga zamoto, koma osati izi zonyamula anthu mumsewu ayi. Zawo ndi za m'tchire: zazitali, zowonda m'chiuno, matayala ake a mano akuluakulu, zopangidwira matope, miyala ndi zitunda. Loweruka eni ake amazikweza pa magalimoto n'kupita nazo kunja kwa tauni, kumene kale ankaphwanyako miyala, kukathamangitsana. Si akatswiri ayi. Wina ndi mphunzitsi, wina ndi wometa, wina ndi dokotala wa mano wokhala ndi mimba yake yaulemu.

Mukukumbukira kuti achimwene asanalowe ntchito ya kufakitale ankagawa katundu pa njinga yamoto zaka zambiri. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza pampando paja palibe munthu. Ndinathamanga msewu wonse ndikufunsa, mpaka ndinawapeza kwa a Girisi, atatsamira ndodo, akukangana za injini mokweza mawu ngati kale. Ndinaima pachipata osalowa, kuti ndimvetsere kaye mawuwo.

Patapita milungu ingapo anandiuza kuti akufuna kugula yawo, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi gawo la ndalama zija anawapatsa kuntchito. Amayi, ndinalalata. Zonse zimene mukukonzeka kunena panopazi ndinawauza kale ine, ndi zina zowonjezera. Iwo anangondidikira kuti mpweya undithere, n'kunena kuti ndipite nawo kokasankha, ndikakaona kuti akupenga ndikawamange.

A Girisi sasankhitsa njinga ngati mmene amagulitsira nsapato. Safunsa kuti ukufuna mtundu wanji. Anatulutsa kaye yaikulu, yofiira, ija achimwene ankaiyang'ana ngati mnyamata woona namwali. Ataliza, malata a galaja ananjenjemera, ine n'kutseka makutu, achimwene mano onse pamtunda. Kenako bamboyo anaizimitsa, n'kuigoneka pansi mwadala, n'kuwauza kuti aidzutse. Anati m'tchire aliyense amagwa, kaya ali ndi miyendo iwiri kaya itatu, ndipo kumeneko kulibe wokudzutsira. Njinga imene sungaidzutse wekha utatopa si yako, ngakhale uilipire.

Achimwene anaponya ndodo pambali. Anagwira mahandulo, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, thukuta kamukamu. Inadzuka mpaka theka, mwendo wopanga uja n'kuterera pa simenti, njinga n'kubwerera pansi. Ine maso ndinagwetsa pansi, ndikuganiza kuti basi, tikubwerera ku mpando wa pawindo. Koma iwo anapukuta nkhope, n'kuiuza njingayo kuti yakongola chabe koma ilibe ulemu, a Girisi abweretse ina.

Yachiwiri inali yopepuka, yolira ngati mavu okwiya, ya petulo wosakaniza ndi oyilo, utsi wake wonunkha mpaka m'tsitsi. Imeneyo anaidzutsa kamodzi n'kamodzi. Vuto linatulukira pabwalo la kuseri, poiyesa. Njinga zamoto magiya ake amasintha ndi phazi lamanzere, ndipo phazi lawo lamanzere silimva kanthu. Ankati akaponda osadziwa ngati giya yalowa, ndiye njinga imangodumpha n'kuzima, kudumpha n'kuzima. A Girisi anati akhoza kuwotcherera kachitsulo koti azikankha ndi chidendene, ndipo pamsewu wosalala zikhoza kutheka. Koma pamiyala munthu amayendetsa ataimirira, magiya n'kumasintha pafupipafupi, ndiye maso awo azikathera kuphazi m'malo moona mitengo imene ili kutsogolo.

Pakona panali ina yofunditsidwa lona. Atavundukula, achimwene anaseka mpaka kutsokomola. Inali yamagetsi, izi zabwera masiku anozi. Anandiloza ine n'kunena kuti imeneyo ndi ayironi yositira ya kuntchito kwanga, angoiika matayala. Anafunsa ngati azikaitchaja pamodzi ndi foni. Anati mwamuna amene wayendetsa njinga theka la moyo wake sangakwere chinthu chosalira, anzawo akamva angawaseke.

A Girisi sanakwiye. Anawaonetsa kuti ilibe magiya, ilibe kilatchi yofinya posintha magiya, ndipo mabuleki onse awiri ali m'manja ngati njinga yakapalasa, moti mapazi ntchito yake ndi kuponda basi. Mphamvu umachita kusankha ndi kabatani, yochepa pophunzira, yambiri ukazolowera. Zoipa zake sanabise. Batire likathera m'tchire palibe amene angakubwereke botolo la petulo, umakankha. Maulendo aatali a tsiku lonse si ake. Magetsi akathima dzulo lake, mawa umakhala woonerera. Ndipo popeza siimveka, anthu oyenda pansi umayenera kuwachenjeza ndi pakamwa pako. Achimwene anatola ndodo yawo, tinabwerera kunyumba osagula kanthu.

Apa ndi pamene ndinawapatsira ulemu, amayi. Ine ndimadziwa kuti mwana wanu ndi wamakani, anatengera inu. Koma patapita masiku angapo anandiuza okha, tikudya, kuti yofiira ija amaifunira munthu amene anali kale, ndipo munthu ameneyo sabweranso. Anati amene watsalayu nayenso akufuna kukwera phiri. Ananena mosalira, mosadandaula, uku akundiuza kuti ndiwapatsire mchere. Ine ndi amene ndinapita kukalira kubafa.

Atabwerera kugalaja kukagula yamagetsi ija, sanapite ngati wogonja. Anavutitsa a Girisi mpaka bamboyo anagwira mutu. Chishalo achitsitse pang'ono kuti phazi lamanja lizifika pansi bwino. Mashoko, masipuling'i a ku matayala aja, awafewetse molingana ndi thupi lawo, poti anaonda. Popondera pa kumanzere aike potakata, pa mano akuthwa, kuti jombo isamaterere. Anaigonetsa pansi okha n'kuidzutsa, mbali iyi, mbali inayo, kubwerezabwereza mpaka ine ndinatopa ndi kuonerera. Helemeti, jombo ndi zotchinga pachifuwa anagula asanagule njingayo. Mwaona, sakupenga.

Loweruka lapitali kunali mpikisano wa ongoyamba kumene, ndipo ndinapita nawo. Njira yake anaizunguliza ndi chingwe, oonerera kunja, okwera mkati. Asanayambe, mkulu wa mpikisano analengeza lamulo: wokwera akagwa adzuke yekha, munthu wa kunja kwa chingwe akangomukhudza iye kapena njinga yake, ameneyo watuluka. Ine ndinangogwedeza mutu ngati ndamva.

Mbendera itatsika, anzawo onse ananyamuka ndi chiphokoso, iwo n'kungoti mwee ngati mphepo. Anthu anaseka, wina n'kukuwa kuti aiwala kuliza injini. Kuseka kunatha pa chitunda cha miyala. Pamene ena ankalimbana ndi magiya, njinga kuzima, kubwerera chammbuyo, achimwene anaimirira pa zopondera n'kukwera pang'onopang'ono, mutu uli chilili, ngati akukwera masitepe a kunyumba kwawo. Amayi, anakongola. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, ndikuuza aliyense amene anali pafupi kuti ameneyo ndi mlongo wanga, mimba imodzi.

Ndiye kunsi kwake kuli dambo la matope. Atalowamo tayala lakutsogolo linatsetsereka, anaponda pansi ndi kumanzere, jombo n'kuzama. Njinga inagwera uko, iwo uko, mwendo wopanga uja n'kuvuka, kutsala chilili m'matope ndi jombo yake. Anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndi wopanga. Mayi wina anakuwa n'kuphimba kumaso.

Sindikudziwa kuti chingwe chija ndinachidutsa bwanji. Ndinangozindikira ndili m'matope mpaka m'akakolo, manja ndatambasula. Achimwene anatembenuka, nkhope yonse matope, n'kundikalipira ndi mawu aja ankatithamangitsira nawo tili ana: "Iwe, usandikhudze! Bwerera kuseri kwa chingwe!"

Ndinabwerera, amayi. Ndinaima pamenepo ndikuluma mpango, manja ndabisa m'khwapa kuti asandichimwitse. Iwo anakwawa mpaka pa mwendo uja, anauzula ndi manja awiri, n'kukhuthula matope ngati akukhuthula kapu. Anapukuta chitsa cha mwendo ndi malaya, anauvala, anaumenya kawiri ndi chibakera kuti ulowe bwino, n'kuimirira. Anzawo ankawadutsa mbali zonse akuwathira matope. Anagwira mahandulo, anadzutsa njinga ija monga ankachitira kugalaja, n'kukwera. Pamenepo bwalo lonse linaphulika. A Girisi, munthu wosaseka uja, anaponya chipewa m'mwamba, chipewacho n'kugwera m'matope momwemo.

Sanapambane ayi. Anamaliza wachiwiri kuchokera kumapeto, womaliza anali dokotala wa mano uja, ndipo mpaka lero achimwene sakumupatsa mpata wopuma pomuseka. Sindikubisirani: pachitsa panatuluka thuza, ndipo anamwino a kuchipatala anawakalipira asanawapatse sokosi yokhuthala yovala mkati. Akuti apume kaye mpaka paume, ndipo akumvera. M'mawa amapita kugalaja kukathandiza, akuphunzira za mabatire chifukwa a Girisi maso ayamba kuwavuta pa timawaya ting'onoting'ono. Madzi osamba amadziikira okha. Dzulo anandiuza kuti tiyi wanga ndi wa madzimadzi, ndipo ndinasangalala ngati andiyamikira.

Pempho langa ndi limodzi: musawatumize amalume. Ndikudziwa kuti kumeneko mukawasamala kuposa ine. Mukawayalira, mukawaphikira, mukawathamangitsira ntchentche, ndipo sakanyamulanso ngakhale supuni. Chimenecho ndi chimene ndikuopa. Achimwene andiuza kuti inu mukanena kuti abwere, abwera, njinga agulitsa, chifukwa misozi yanu sangaikane. Ine anatha kundikalipira kuti ndibwerere kuseri kwa chingwe. Inu sangakuuzeni zimenezo, ndiye ndakuuzirani ndine.

Ngati mtima sukukhazikika, ulendo wa amalumewo mubwere ndinu, mudzawaone ndi maso anu akukwera chitunda chija. Ndidzaima pambali panu n'kukugwirani dzanja mwamphamvu, tonse tisadutse chingwe chija.

Mundiperekere moni kwa amalume, muwauze kuti sindikuwakaniza kudzationa, abwere ngati mlendo. Moni kwa azakhali, kwa achemwali ndi alamu, ndi ana onse. Mdzukulu wanu akuti agogo amutumizire chipewa choluka chija anamulonjeza.

Achimwene sakudziwa kuti ndalemba. Chikwama chawo anachitulutsa pansi pa bedi tsiku lomwe munaimba, chili pafupi ndi chitseko, chotsegula, ndipo sanaikemo kanthu. Akudikira mawu anu.

Tsalani bwino, amayi.

Ndine mwana wanu mzime,
uja mumati Wapakamwa