Chipinda Changa cha Mateyala Anayi

Lolemba, 6 Novembala 1989, Chawama

Mlamu wanga ba Jameson alengeza lero kuti Njati idzuka. Njati ndi chimotoka cha ku Amereka chija anagula kwa mzungu wa kumigodi kwacha ikadali ndi ulemu, injini ya V8, chiwongolero kumanzere. Chakhala chigonere payadi kuyambira kalekale. Ati manje chikhale takisi, pakuti malipiro awo satha sabata. Takisi yomwa petulo ngati chidakwa cha pamaliro, m'dziko loti ndi sopo yemwe timaimira pamzere.

Ndaomba nawo m'manja, nanga n'kutani. Koma Njati ndi chipinda changa. Chindichotsereni ntchito ya ukalaliki ndimagona pampando wake wakumbuyo, chifukwa m'nyumba ya zipinda ziwiri muli iwo, mlongo wanga Mainess ndi ana asanu. Ikangoyamba kuyenda, ine ndi wa ku Katete, kukagwira khasu ndi manja a bolopeni awa.

Lachiwiri, 7 Novembala

Batire tapita nayo ku Kamwala pa wilibala kukaitchajitsa. Ba Jameson patsogolo ndi tayi, ine pambuyo thukuta kamukamu. Titaiika, injini yabangula, nkhuku za aneba balala, mlamu kumwetulira mpaka mano a m'tsaya. Koma kanyale kofiira ka batire pa dashibodi kakana kuzima. Azungulira nayo komboni yonse, nyali zoyatsa masana kuti anthu aone. Pobwera azimitsa, ati ailizenso: kete kete, basi.

Bedi langa lili pamalo pake.

Lachinayi, 9 Novembala

Kwabwera ba Nkole, makanika wa pansi pa mtengo wa mango. Zida zawo zonse zakwana m'kathumba ka shuga. Adina lamba wa fani ndi chala, ati, "Iyi yalema monga ise." Aukunga. Kanyale kali chiyakire. Kenako, injini ikulira ndi batire yobwereka, achotsa waya wa pabatire, injini zii. "Mwaona bamudala? Otoneta siichaja."

Amuna a mulaini monse anatizinga, aliyense ndi nzeru zake, ngakhale amene njinga yomwe alibe. Wina ati ponyani asipirini m'batire. Wina ati ayi, madzi a mvula yoyamba. Ba Dyness ogulitsa vitumbuwa ati motoka yogona zaka siidwala yokha, pali munthu anaimanga. Ba Jameson amangogwedezera mutu onse ngati nduna yolandira madandaulo.

Loweruka, 11 Novembala

Ba Nkole atsegula otoneta, kamakina kotchaja batire injini ikamalira. Timakala tam'kati, mabulashi, tatha psiti. M'masitolo mulibe, muli mashelefu okha ndi ogulitsa oyasamula. Ndiye bambo uja wang'amba mabatire akale a wailesi ya Mainess, watulutsa makala a pakati, wawasema ndi fayilo. Ine kuseka chamumtima kuti izi ndiye za ana.

Kanyale kazima.

Ba Jameson avina pafumbi, mimba ikutsalira m'mbuyo. Ati Lachiwiri tiyamba Chawama mpaka tauni, usana ndi usiku. Mainess anafunsa motsitsa mawu, "Nanga ba Moven azagona kuti?" Iwo ati, "Tizaona." Tizaona ndimamudziwa ine, ndi yemwe anatiuza abwana kukampani tisanalandire makalata otichotsa ntchito.

Ndili ndi mantha, ndilembe poyera. Kumudzi ndinachoka ndi sutikesi ndi matama, ndikabwerera ndi sutikesi yokha.

Lamulungu, 12 Novembala

Onse kutchalitchi, ine mutu ukuwawa, titero. Kumbuyo kwa otoneta kuli kawaya kamene ndinaona ba Nkole akulowetsa dzulo. Ndakasolola pang'ono chabe, kongooneka ngati kali m'malo. Mulungu anali wotanganidwa ndi besi ya mlamu mukwaya.

Lachiwiri, 14 Novembala

Takisi yathu yafera pakati pa msewu ndi anthu asanu ndi thumba la kapenta. Okwera aikankha, kenako atukwana mwini wake, kenako ayenda pansi. Kanyale kofiira kabwerera ngati mlendo wosatsazika.

Lachitatu, 15 Novembala

Ba Jameson agulitsa jekete la ukwati wawo n'kugula legyuleta, kabokosi koyeza moto wopita kubatire, yakale, kwa anyamata a ku msika wa Soweto. Palibe chasintha. Izi zandiwawa pang'ono, jekete lija amalikonda.

Ba Nkole anaweramira kumbuyo kwa otoneta nthawi yaitali. Ataweruka anayang'ana bulangete langa pampando, kenako ine. Ndinati basi, ndagwidwa. Koma anangopukuta manja n'kuti, "Bamudala, iyi motoka mawaya yonse yaola mukati. Musataye ndalama, yafa." Makanika wake ameneyu! Kawaya kali pamphuno pake osakaona. Ndinatsala pang'ono kumugulira chibuku.

Lachinayi, 16 Novembala

Abusa adzoza boneti. Njati yalandira saladi, mafuta athu ophikira, wochuluka kuposa ndiwo zathu za mwezi uno. Mlamu sanadye.

Loweruka, 18 Novembala

Ndimachokera pamzere wa unga, chimanjamanja, ndipeza katundu wanga ali pansi: bulangete, sutikesi, nsapato. Ba Jameson agulitsa Njati. Wogula ndi ba Nkole, pamtengo wa zitsulo zokhomera mbaula. Ati akuwachitira chifundo.

Atagwirana chanza, ba Nkole anatsitsa batire yawo pa wilibala n'kuiika. Kenako, tonse tikuona, analowetsa dzanja kumbuyo kwa otoneta, osayang'anako n'komwe, n'kukankha kawaya kaja. Injini inalira. Kanyale kanazima.

Ba Jameson anati, "Imwe ba Nkole, si munakamba kuti yafa?"

"Yenze yafa, bamudala. Kawaya aka sikachoka keka. Mufunse wamene agonamo." Anatulutsa mutu pawindo la kumanzere lija. "Zikomo ba Moven, mwanithandiza maningi." Njati inanyamuka, fumbi m'mbuyo.

Ba Dyness anati, "Si n'nakamba ine," n'kubwerera ku vitumbuwa vawo.

Ndimayembekeza mbama, kapena chitukwano choti laini yonse imve. Ndikanakonda zimenezo. Mlamu anangoyang'ana pamene panali Njati, udzu woyera ndi dontho la oilo, n'kulowa m'nyumba. Mainess anawatsatira osandiyang'ana.

Patapita kanthawi anatuluka yekha Mainess, atanyamula mbatata zophika zokulunga m'nyuzipepala. Anaziika pa sutikesi.

"Za panjira," anatero.