Belu la ku Rongai

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Mukamva kuti mwana wanu wayamba za ng'oma, ndikudziwa muda nkhawa kuti ndathawa kwaya. Ayi, Lamulungu lililonse ndikuyimbabe. Kumudzi nako kuli bwino. Achimwene a Madalitso ali ndi mwana wamkazi, mtedza wabereka, chimanga chokha ndicho chapsa ndi ng'amba.

Nkhani ndi iyi. Kuno kunja kwa dziko lathu, ku Roysambu kumene ndikukhala, ndayandikana nyumba ndi a Afi, mayi wa mtundu wa Aewe a ku Ghana. Bambo awo anamwalira, ndipo iwo analephera kupita kumaliro, monga ndinalepherera ine pa anu. Kwawo munthu amamuperekeza ndi ng'oma, choncho anzawo anakonza zokalira malirowo ku Rongai, tauni ina ya konkuno. Atasowa womenya belu, anapempha ine.

Ndi kabelu ka milomo iwiri, kogogoda ndi kamtengo. Kamenyedwe kake sikasintha, ndipo aliyense amamvera iko. Ng'oma yaing'ono imayenda payokha, yapakati imayankha, yaikulu imalankhula pamwamba pa zonse. Apa ndi pamene ndinkagwera. Paja kukwaya munkatiuza kuti, "Mvera mnzako, mawu ako abisale mwa ake." Ndiye ng'oma ikangolowa, dzanja langa linkaitsatira mwaulemu, onse n'kusokonezeka, ovina n'kuima. Masabata atatu, Amayi! Ndinkayeserera pabondo ngakhale m'minibasi, imene kuno amati matatu, mpaka kondakitala kumandicheukira. Ndinamvetsa mochedwa kuti kwa iwo ulemu ndi kukhazikika pamalo pako, kuti mnzako apeze mpata wodutsa.

Loweruka lapitali tinakamenya. Utakolera agbadza, gule amene amavina pamaliro, a Afi analowa m'bwalo akugwedeza mapewa, misozi ili chuchuchu. Yanganso inayamba kutsika, osadziwa ngati ndikulira bambo awo kapena inu. Dzanja lina linali pabelu, lina pakamtengo, sindinapukute. Belu silinaphonye, ndipo a Afi anavina mpaka kumapeto.

Ngati kumeneko muli ndi kampata, tayesani pabondo: dzanja lamanja katatu, lamanzere kawiri, agunde limodzi poyambira pokha. Mukasokoneza, sekani n'kuyambiranso. Ndikadzabwera mu Disembala ndidzakhala pambali pa manda anu, ndidzakumenyereni pang'onopang'ono, mudzaweruze nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike