Ndinawanamiza amayi chifukwa cha inu

Achimwene a Zeka,

Landirani moni wochokera kuno ku Domwe. Tonse tili bwino, kupatula mwendo wa amayi umene wayambiranso ndi chisanuchi. Kaya inu ku Beira, poti pakamwa munasoka.

Loweruka masana tinaonera filimu pa telefoni ya msuweni wathu Rozita, ya anyamata a m'bairo, m'makomboni a m'tauni muja, ogona ndi njala, otsomphola zikwama za anthu pokwera maminibasi aja a shapa. Ine ndinkawamasulira amayi Chipwitikizi. Mnyamata mmodzi anali woonda, wa mpata kumano ngati inu. Amayi anasiya kusenda mbatatesi, n'kumangofunsa, "Akuti chiyani mwanangayo? Wadya koma?"

Kumapeto gulu linamugwira, n'kumumenya mpaka kufa. Ndinaphimba telefoni ndi dzanja. "Wangokomoka, amayi. Akuti mawa akwera basi kupita kwawo." Amayi anaomba m'manja, n'kupita kukayanika bulangeti lanu padzuwa.

Zija munachoka osatsanzika, n'kundisiyira munda wonse ndekha, sindinakhululukebe, ndipo musafulumire kuyembekeza. Koma bodza limeneli ndinanenera inu, musandichititse manyazi. Imbani amve mawu anu, kapena bwerani bulangetilo asanalipindenso.

Mulungu akusungeni m'misewu imeneyo. Muzidya.

Ndine mlongo wanu,
Lusiya