Anakonza ndi mkazi wanga, ulemu ndinatola ine

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 44, ntchito yanga ndi yokonza mijigo. Kumene ndimapitako msewu umathera panjira, ndiye chaka chatha ndinaikweza pikapu yanga: masipuling'i atsopano, matayala akuluakulu. Ikaima pakhomo anthu ankaicheukira kawiri. Koma ndikangopakira mapaipi ndi matumba a simenti n'kugunda dzenje, kumbuyo kunkamveka kuti khwee! Tayala likukhula bodi.

Ndinkangokweza wailesi. Mpaka mwezi watha, ndikutsika phiri lina ndi katundu, mphepete mwa madigadi munacheka tayala lakumanzere ngati mpeni. Galimoto inapotoka n'kukaima pafupi ndi phompho, poti ukaponya mwala suumva pomwe wagwera. Ndinatuluka n'kukayang'ana tayala lochekekalo.

Makaniko wathu, amene timamutcha Ndevu, anandilongosolera. Anati, "Pamwamba pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo chija, pali timalabala tiwiri, ife timati masitopa. Ntchito yake ndi kuimitsa ekiselo isanakwere mopitirira. Iwe unakweza galimoto n'kuika matayala akulu, koma masitopa anatsala afupiafupi omwe aja. Tayala likumafika pa bodi sitopa isanagwire." Anati mankhwala ake ndi kuitanitsa masitopa aatali kuchokera kunja, ndidikire miyezi iwiri. Atatchula mtengo ndinavula chipewa n'kudzipepesa nacho. Apo ayi, tidule bodi. Chikhalirecho mvula yayandikira, ndipo kuli midzi itatu imene ikumwa madzi a m'dambo podikira ine.

Ndinafotokoza zonsezi pa chakudya, kungodandaula basi monga achitira mwamuna kwa mkazi wake. Mayi akunyumba ndi telala. Takhala m'banja zaka 16, ana atatu. Anangopitiriza kudya. Koma Loweruka m'mawa ndinangoona atuluka atavala buluku langa lakale, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, choko chosokera chili kukhutu. Anati, "Abambo, tatengani makiyi. Mukwezetse tayala limodzi lakumbuyo pa chulu chija, pang'onopang'ono. Ndikati imani, muime."

Ndinaseka, koma ndinachita. Nditaima, iwo anatsekera matayala ndi miyala, anaika zitsa pansi pa chasisi, kenako anayala katoni n'kulowa pansi pa galimoto. Aphungu, kalowedwe kake! Munthu amene sanalowepo amayamba ndi mutu n'kudzigunda. Iwo anagona chagada n'kutsetserekera mkati ngati akulowa m'bulangete. Ndinangomva mawu akuchokera pansipo: "Tayala latsala chala chimodzi kukhudza bodi, koma sitopa ikadali patali masentimita asanu. Ndipo labala likapanikizika limafinyika, tiwonjezerepo pang'ono. Ndipatseni sipanala ya 14." Ndinawapatsa ya 17. Anaibweza osaiyang'ana n'komwe, anangoimva m'manja.

Anajambula kanthu pa pepala lodulira madiresi. Tinapita kwa wogulitsa zitsulo zakale, anagogoda zitsulo zingapo ndi sipanala, n'kusankha paipi ya makona anayi yochindikala kwambiri. Wowotcherera anadula tizidutswa tiwiri tofanana n'kuboola pomwe iwo anaika madontho a choko. Mabawuti aatali anasankha okha, akuwerenga manambala a pamutu pake, ena n'kuwakana kuti, "Awa ndi a pageti, osati a galimoto." Zonse pamodzi sizinafike mtengo wa nsapato za sukulu za mwana wathu wotsiriza. Dzuwa lisanafike pamutu, tizitsulo tija tinali titakhala pakati pa chasisi ndi masitopa, mbali zonse ziwiri.

Lolemba ndinapakira katundu yemwe uja n'kudutsa phiri lomwe lija. Maenje onse ndinawagunda. Kumbuyo kunali zii. Nditafika pansi ndinaima, ndinagwira m'kati mwa madigadi: fumbi lili bwinobwino, palibe pokhulika. Ndinakhala pamwala nthawi ndithu, ndikuyang'ana tizitsulo tiwiri timene tinadulidwa potsatira pepala la diresi.

Madzulo ndinafunsa kuti, "Amayi, zimenezi munaziphunzira kuti?" Anapitiriza kupalasa makina awo osokera, n'kunena kuti, "Malemu bambo anga ankakonza malole a kumgodi wa miyala. Analibe mwana wamwamuna. Ndinayamba kuwapatsira masipanala ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pamene ankamwalira ndinali nditatsitsa nawo magiyabokosi osawerengeka." Ine ndinkadziwa kuti apongozi anga ankagwira ntchito kumgodi, basi. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anaimitsa makina. "Tili pachibwenzi tinadutsa pagalaja ina, panali mtsikana atavala ovololo. Inu munaseka n'kunena kuti ndani angakwatire mkazi wonunkha gilisi. Ine ndinkakufunani, ndiye ndinasamba m'manja."

Ine mawu amenewo sindiwakumbukira n'komwe. Iwo awasunga zaka zonsezi. Tsopano ndikukumbukira nthawi zonse zimene ankanena ngati zocheza kuti, "Galimotoyi lero ikulira mwachilendo, mwayang'ana lamba?" Ine n'kumayankha kuti za magalimoto azisiyira amuna. Patapita masiku lamba n'kudukadi.

Apa ndiye pali tchimo langa. Lachisanu ndili kugalaja, Ndevu anasuzumira pansi pa galimoto, analiza likhweru n'kuitana anzake. "Amangwetu, taonani ntchito iyi! Wachita ndani?" Amuna asanu ndi mmodzi akundiyang'ana. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Ndine." Anandigwira chanza mmodzimmodzi. Tsopano Ndevu akuti abwera kwathu Lamlungu likudzali ndi galimoto ya kasitomala wake kuti ndimuonetse kayezedwe kake. Ine sindidziwa ngakhale poyambira tepi.

Ndithandizeni. Kodi tizitsuloti ndingatikhulupiriredi pa msewu? Nanga Ndevu ndimutani? Ndipo, ndinene zoona, mkazi wanga ndayamba kuchita naye mantha. Osati kuti amandikalipira ayi. Ndikamuona akusoka mabatani pa yunifomu ya mwana, ndikumayang'ana manja akewo ngati a mlendo wolemekezeka amene wakhala m'nyumba mwanga zaka 16 ine osamupatsa mpando.

B.K., wokonza mijigo

Bambo B.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditaimirira. Mayi amene amazindikira sipanala ndi chikhatho sawerengedwa nkhani yake munthu atakhala pansi.

Tiyambe ndi zitsulo, poti zimenezo ndi zosavuta. Ndafunsa makaniko amene ndimamukhulupirira, ndipo akuti njira imene akazi anu anatsata ndi yomwe iyenera kutsatidwa: kuyeza tayala litakwera mpaka pamapeto, kukumbukira kuti labala limafinyika, kugwiritsa ntchito chitsulo chochindikala ndi mabawuti olimba, mbali zonse ziwiri mofanana. Koma iye sanaione galimoto yanu, inenso sindinaione. Choncho mukayenda maulendo awiri atatu, mumangitsenso mabawutiwo, ndipo muike manati osamasuka okha. Muziyang'ana ngati chitsulo chayamba kupindika kapena labala lang'aluka. Muonetsetse kuti sitopa ikugunda pakati penipeni pa malo ake, kuti ikugwira mashoko asanafike pamapeto, komanso kuti mapaipi a mabuleki sakukhudzidwa. Munthu wina asakunamizeni kuti thabwa kapena chidutswa cha tayala lakale chingagwire ntchito yomweyo, ndipo asawotcherere kanthu pa chasisi. Mumvetsenso ichi: tizitsuloto tateteza matayala, sitinasandutse pikapu yanu kukhala lole. Simenti ikachuluka, pitani maulendo awiri.

Tsopano za bodza. Musadikire Lamlungu. Musayambenso ndi Ndevu, yambani kunyumba. Lero lomwe, ana akapita kusukulu, khalani pansi pafupi ndi makina aja munene mosazungulira kuti, "Anandifunsa amene anakonza, ndinati ndine. Ndalakwa." Musawonjezere zoti anzanu anakupanikizani. Mukatero mupepesenso za mawu a pagalaja aja. Mukuti simuwakumbukira. Wobaya amaiwala, wobayidwa ndiye amasunga chipsera. Mawu amene inu munaponya mukuseka anaika pansi masipanala a mwana amene bambo ake anamuphunzitsa ndi manja awo. Muwafunse za apongozi anuwo, mukhale chete, mumvetsere. Ndikukayika ngati alipo amene anawafunsapo chimwalirireni bambo awo.

Mukachoka apo pitani kugalaja, nthawi imene amuna asanu ndi mmodzi aja alipo onse. Munanama pagulu, mukonze pagulu. Adzakusekani, inde. Adzaseka sabata imodzi, mwinanso kukupatsani dzina latsopano. Zimenezo n'zopepuka kusiyana ndi kugwada pansi pa galimoto ya mwini Lamlungu, tepi ili m'manja, mayi akukuonerani pawindo. Ndipo mukayeza molakwa, amene akagwere kuphompho ndi kasitomala wa Ndevu, amene sanalakwe kanthu.

Za mantha anuwo, sindikuchotserani. Ndi mantha abwino, dzina lake lenileni ndi ulemu, ungoti wafika mochedwa. Paja amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ambiri amene amandilembera amapeza zobisika za akazi awo kapena amuna awo n'kulira. Inu mwapeza chobisika chimene chakupulumutsirani moyo ndi ntchito, ndipo midzi itatu imwa madzi abwino chifukwa cha tepi ya telala. Gwadani muthokoze.

Chenjezo langa ndi ili. Mukakaulula kugalaja, musakalonjeze kuti, "Bwerani nazo, mayi akonza." Mwawalankhulira kokwanira. Kaya afuna kuthandiza Ndevu, kaya afuna kubwerera ku masipanala, kaya afuna kukhala ndi makina awo osokera n'kumakonza ya pakhomo yokha, anene okha ndi pakamwa pawo. Inu funsani, kenako mutseke pakamwa mpaka ayankhe.

Aphungu