Galimoto ya a Chiukepo ikumazimabe

Smethwick, 14 Novembala 1996

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mchinji. Kuno tilipo, kungoti kwazizira.

Amalume, inu mwayendetsa malole zaka zambiri, tandiuzani. Galimoto ya dizilo ikumayenda bwinobwino masiku atatu, kenako n'kungozima yokha pamsewu. Mukadikira pang'ono, ikumaliranso. Fyuluta ndasintha, mpweya m'mapaipi ndachotsa, mawaya ndagwedeza mmodzimmodzi, koma vuto silikuoneka.

Eni ake ndi a Chiukepo, dokotala wa kwathu konko amene amakhala ku Solihull. Lamlungu kutchalitchi anandiseka pagulu kuti ndine makaniko wopanda pepala, bola akaisiye kugalaja ya azungu. Mtima wanga mumaudziwa. Ndinawayankha pomwepo kuti galimoto ndakonza, ikazimanso adzandidule dzanja.

Lachiwiri ndikukaipereka, inandizimira pa Stratford Road, basi ili kumbuyo kwanga. Sindinawauze. Ndinapereka makiyi uku ndikumwetulira.

Loweruka lino akazi awo, a Lena, akupita nayo ku London ndi ana awiri, pamsewu waukulu umene malole amathamangapo ngati amisala. Kakang'onoko, Zoe, kamanditchula kuti ankolo. Ndikaganiza itawazimira pakati pa msewu, lole ikubwera... ayi, ndisalembe.

Ndikudziwa kalatayi ikupezani Loweruka litadutsa. Ndangofuna wina adziwe kuti ine, amene ndimadzitama kuti sindibisa mawu, foni ndainyamula kanayi n'kuibwezera. Ndikaponya kalatayi ndikwera basi kukagogoda kwawo. A Chiukepo akandiseke mmene angafunire, bola makiyiwo ndibwere nawo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Bishop